Makhadi a Mayi Moira Amene Ndinayanika Padzuwa

Mphatso ndi Takondwa, ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Ndinabadwa monga amabadwira aliyense, kungoti azamba ankati ndinatuluka ndikuwerenga kalendala ya pakhoma, n'kupezamo cholakwika. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kugwedezana n'kumanena m'Chingerezi chanu chothamanga chija kuti adadi ayambapo. Sekani. Koma zonse ndalemba pano nzoona, Mulungu ndi mboni, ndipo pali chimodzi chomwe amayi anu sanachimvepo mpaka tinawaika m'manda.

1979, Zomba

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa zidutswa za mapepala pamalo ena osindikizira mabuku ku Zomba. Kapitawo wathu anali a Chimwaza, munthu wamfupi amene ankadziwa zaka za pepala pongolinunkhiza. Tsiku lina ananunkhiza kalata yanga ya ubatizo n'kunena kuti m'busa anali ndi chimfine. Nditafunsa kumudzi, zinali zoona. Iwowa ndiwo anandipatsa kagalasi kokuzira zinthu n'kundionetsa kuti chithunzi chilichonse chosindikizidwa ndi timadontho ta inki zinayi, yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yakuda, ndipo mtundu wina uliwonse umene diso likuona ndi bodza la timadonthoto. Anandiphunzitsanso kuti pepala limapsa. Sankanena za moto ayi. Pepala limapsa lokha pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete kulowa m'kati, kuchoka pa kuyera, kufika pa mtundu wa tiyi wamkaka, mpaka pa fodya wowuma.

Zinthu zinkasowa kwambiri. Chaka china mapepala anavuta moti tinkasindikiza kutsogolo, kumbuyo, ndipo a Chimwaza ankayang'ana m'mphepete mwa pepala ndi diso la njala. Denga linkadontha. Mvula ikanyowetsa ntchito, tinkachita zimene Mmalawi aliyense amachita ndi ufa, matemba, matilesi a mwana ndi satifiketi: tinkatulutsa panja n'kuyanika pa kapinga.

“Ola limodzi basi, iwe Lyson,” ankatero a Chimwaza, wotchi ili m'manja. “Dzuwa ndi wakuba. Limayamba kuba kufiira ndi chikasu. Buluu limamusiya chifukwa alibe msika.”

Ndinakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zitatu, kuchoka pa tsache kufika pa makina aakulu. Kenako kunabwera makompyuta, ndipo anatiuza mwaulemu kwambiri kuti tikapume.

2003 mpaka 2005, Sighthill ndi Partick

Ndinabwera ku Glasgow kudzera mwa anthu a mpingo, kudzaphunzira kasamalidwe ka mapepala akale. Inu ndinakusiyani ku Chinamwali ndi amayi anu, Mphatso uli ndi zaka zisanu, Takondwa usanathe kutchula dzina lako. Ndinkagona ku Sighthill, m'nyumba zazitali zija anagwetsa, pamwamba kwambiri moti mbalame ndinkaziona kumsana. Mphepo ikawomba, nyumba inkapendama mpaka tiyi n'kusamukira m'kapu ya mnzanga wa chipinda china. Mvula inayamba tsiku lomwe ndinatsika ndege ndipo inagwa zaka zitatu osapuma. Izi musatsutse, munalibe.

Maphunziro atatha ndinayenera kubwerera, koma tsiku lina ndinabisala mvula m'kasitolo kena ku Partick, kogulitsa masitampa, mapositikhadi ndi makhadi akale a anthu amasewero. Mwini wake anali a Dougie, mzungu wamtali wa ndevu za chikasu ndi fodya, woumira moti kathumba kamodzi ka tiyi kankagwira ntchito kuyambira Lolemba, Lachisanu n'kupatsidwa penshoni. Ndinawapeza akusilira khadi lina lomwe munthu anawabweretsera, lakale kwambiri pooneka. Ndinapempha kuliona, n'kulinunkhiza.

“Bwana, khadi ili ndi laling'ono kwa mwana wanga wamkazi,” ndinatero. “Aliviika mu tiyi.”

“Ukudziwa bwanji, mnzanga?”

“Lapsa mofanana paliponse. Pepala lokalambadi limayamba m'mphepete. Komanso anathiramo shuga.”

A Dougie analinyambita pakona, n'kutukwana mawu omwe mkulu wa mpingo sangalembe. Sabata yotsatira anayamba kundikonzera pemiti yogwirira ntchito monga katswiri wa mapepala. Pemitiyo inali yomangirira pa sitolo yawo. Iwo akapanda kusaina, ine kwanga kunali kubwalo la ndege. Ndipo inu simukanatha kubwera pokhapokha itawonjezeredwa.

Mwa katundu yense, wovuta anali makhadi a besibo, masewero a ku Amerika omenya kampira ndi chibonga. Mu Glasgow palibe amawasewera, koma asilikali apamadzi a ku Amerika omwe kale ankakhala ku Dunoon, kufupi ndi kuno, anasiya makhadi ambiri m'nyumba za anthu, ena anasiyanso ana. Anali timakhadi tolowa m'thumba la malaya, tosindikizidwa pa katoni yotchipa, togulitsidwa kwa ana pamodzi ndi chingamu, koma akuluakulu a ndevu zawo ankatigwira ngati mkate wa mgonero. Ntchito yanga inali kunena chifukwa chake khadi lili ndi mtundu umene lili nawo. Lina limakhala lapsa ndi ukalamba. Lina lafuka ndi utsi wa fodya. Lina linatuluka choncho pamakina, inki ina itachepa tsiku limenelo, ndipo loterolo ndiye amalilirira chifukwa ndi losowa. Lina langoonongeka ndi dzuwa, ndipo limenelo ndi chinyalala. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kwa wodziwa. Inki ikachepa pamakina, umasowa mtundu umodzi. Dzuwa limatenga iwiri, n'kusiya nkhope ya munthu ili buluu ngati wagona ku mochale. Ndikanena, mawu anga ankalembedwa pa kapepala, ine n'kusaina. M'zaka ziwiri palibe anabweza siginecha yanga.

2006, Julaye

Mayi Moira anabwera Lachitatu, atanyamula bokosi la nsapato. Anali mayi wachikulire wa ku Dennistoun, wamng'ono thupi, wovala bwino ngati akupita ku tchalitchi. Mwamuna wawo, a Walter, anali mmodzi mwa asilikali aja, koma iwo sanabwerere kwawo. Anakwatira, n'kukhala, n'kumwalira chaka chapitacho. Mayiwo anabwera ndi mwana wawo Gordon, bambo wamkulu kale, amene ankayankha mafunso onse ofunsidwa kwa amayi ake.

“Sindikugulitsa,” anatero mayiwo. “Gordon akuti tidziwe chomwe chili m'nyumba. Mungoona basi.”

Anatsegula bokosi n'kutulutsa khadi lomwe linali pamwamba. Panali mnyamata wa makutu aakulu atasenza chibonga paphewa, kumbuyo kwake kuli kofiira kwambiri, kufiira kwa magazi a nkhuku.

“Ili ndiye la Walter. Tsiku lomwe tinakumana ku dansi ndinavala jasi lofiira. Anatulutsa khadi ili m'chikwama, n'kuliika pa mkono wanga, akuti taona, mwafanana, ndiye kuti ndiwe wa timu yanga. Munthu wopusa. Ndinamukwatira.”

“Amayi, anthuwa ali pa ntchito,” anatero Gordon.

Tinagwirizana kuti asiye bokosilo, adzabwere pakatha tchuthi. A Dougie anali mwa anthu akale omwe amatsekabe sitolo masabata awiri mu Julaye n'kupita kunyanja kukanyowa ndi mvula ya kumeneko. Ananyamuka Lachisanu m'mawa, n'kundisiyira makiyi kuti nditseke masana. Cha m'ma leveni koloko paipi ya anthu okhala pamwamba pathu inaphulika, ndipo madzi anadutsa m'denga. M'sitolo monse munali malo ambirimbiri oti madzi agwere, koma anasankha bokosi la nsapato.

Ananyowa ndi a pamwamba okha, khumi ndi angapo, la a Walter poyamba. Ndinawalekanitsa ndi kampeni kopyapyala. Njira yake ndinkaidziwa bwino: kuika khadi pakati pa mapepala omwa madzi, kutsindika ndi chinthu cholemera, kusiya pamthunzi. Koma mapepala omwa madziwo anatha mu Malichi, ndipo a Dougie ankati tidzagula mitengo ikatsika. Kuwasiya onyowa masabata awiri kunali kuwapereka kwa nkhungu. Ndiye manja anga anachita zomwe anazolowera ku Zomba. Ndinakwera m'kachipinda kathu ka kudenga, pamwamba pa anthu aja, komwe kanali ndi windo lalikulu loyang'ana kumwamba, n'kuwayala pa thabwa pansi pa windolo, nkhope zili m'mwamba.

Mawu a a Chimwaza ndinawakumbukira, musaganize kuti ndinaiwala. Ndinayang'ana kumwamba, kunali kotuwa ngati bulangete la m'chipatala. Ndinati ola limodzi lija ankanena dzuwa la ku Zomba, lomwe limaphika dzira m'thumba. Ili la kuno ndi babu la m'chimbudzi. Ndinalinyoza dzuwa la eni ake, n'kutseka sitolo.

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Lamulungu chimodzimodzi. Azungu anavula malaya m'misewu, ena anapsa mpaka kusenda ngati mbatata. Dzuwa la kuno nthawi imeneyo limatuluka anthu asanagone bwino ndipo sililowa mpaka litatopa lokha. Makiyi ndinali nditaponya pa kabowo ka makalata kunyumba kwa a Dougie, monga anandilamulira. Tsiku lililonse ndinkakwera sitima ya pansi pa nthaka kupita ku Partick, n'kukaima tsidya lina la msewu, kuyang'ana windo lija likung'anima. Ndinapemphera kuti kugwe mvula. Ndikukhulupirira ndine munthu woyamba kupempherera mvula mu Glasgow, ndipo Mulungu anadabwa kwambiri moti sanayankhe.

2006, Ogasiti

Titatsegula, ndinathamangira kudenga. Makhadi anali atauma bwinobwino. Kufiira kuja kunali kutapita. Kumbuyo kwa mnyamata wa makutu aakulu kunali mtundu wa papaya wothyoledwa asanapse, nkhope yake ili buluu. Khadi lina la mtundu womwewo linali litatsetsereka n'kulowa theka pansi pa linzake, ndiye linali ndi mzere wowongoka pakati, mbali ina yofiira monga kale, ina yofwifwa. Limenelo ndinaliika m'thumba ndisanaganize n'komwe.

A Dougie ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anakhala pansi, n'kuyatsa fodya m'sitolo momwe, chinthu chomwe lamulo linali litaletsa kale.

“Nkhaniyi ikatuluka, ndani adzasiyenso katundu wake pano?” anatero. “Sitolo ino anayamba ndi bambo anga.”

“Ndiwauza kuti ndine ndalakwa, bwana.”

“Iwe ndiwe sitolo ino, Lyson. Tamvera. Makhadi a chaka chimenechi ena ankatuluka otuwa, inki yofiira ikachepa. Sichoncho?”

“Ankatuluka, koma osati chonchi. Taonani nkhopeyi.”

“Ndani aone nkhope? Mayi uja? Tiwatsindika awongoke, iwe ulembe kuti linasindikizidwa choncho. Ndi losowa. Akasangalala.” Anatsegula dirowa n'kutulutsa envelopu ya bulauni, n'kuiika patebulo pakati pathu. Munali mafomu owonjezera pemiti yanga, omwe anayenera kutumizidwa mwezi womwewo. “Izi ndinati ndisaine lero. Koma cholembera changa chikuvuta. Ukatha kugwiritsa ntchito chako, undibwereke.”

Masana amenewo ndinaimbira foni amayi anu. Ndinkafuna kuwauza, ndipo ndinali nditakonza mawu ake.

“Bambo a Mphatso, mapepala aja ali pati?” anayamba iwo ndisanapereke n'komwe moni wokwanira. “Kuno anthu ayamba kundifunsa ngati munakwatira mzungu.”

“Akuyenda, a Nambewe.”

“Akuyenda wapansi? Takondwa dzulo anauza anzake kuti bambo ake amakhala m'foni. Akuti mukamaliza kulankhula ndimakutsekerani m'kabati.”

Ndinaseka. Iwonso anaseka, kenako anasiya, ndipo ndinamva akupuma mokoka. Mphindi za pa khadi la foni zinatha ndisananene kanthu.

Mayi Moira anabwera Lachinayi ndi Gordon. A Dougie anali ataika khadi lija m'kapulasitiki kokongola. Analipereka ndi manja awiri, akulankhula za mwayi waukulu. Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali.

“Ili si la Walter.”

“Ndi lomwelo, mayi. Taonani kakona kopindika aka.”

“Kakonako ndi komweko. Koma linali lofiira.”

“Amayi,” anatero Gordon.

“Linali lofiira, Gordon. Ndaliona zaka makumi anayi. Linkakhala m'dirowa ya masokosi.”

“Katswiri wathu ali pano,” anatero a Dougie. “Munthu wopemphera, mkulu wa mpingo. Lyson, tawafotokozera.”

Ndinatenga kagalasi ka a Chimwaza, n'kuwerama pa khadilo ngati ndikufufuza chinthu. Ndinaona timadontho tofiira tonse tili m'malo mwake, tofooka, takufa. Khadi la mzere pakati lija linali m'thumba la malaya anga, ndipo ndikulumbira kuti linkatentha. Mayiwo sankayang'ana a Dougie kapena mwana wawo. Ankayang'ana ine.

“Linasindikizidwa chonchi, mayi,” ndinatero. “Inki yofiira inachepa pamakina. Lakhala lotere kuyambira tsiku lomwe linatuluka.”

Ndinasaina kapepala. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo zimenezo zimandiopsa mpaka lero.

“Mwaona?” anatero Gordon mofatsa, atawagwira phewa. “Sabata yatha munasiya ketulo pamoto. Makiyi tinawapeza mu firiji. Lero ndi khadi. Ndi zomwe ndakhala ndikunena zija, amayi, simungakhalenso nokha.”

Mayi Moira anakhala pa mpando wa makasitomala, bokosi lili pamiyendo. Kenako anafunsa, osati kwa wina aliyense, “Ndiye jasi lija linali la mtundu wanji?”

Atatuluka, a Dougie anabwereka cholembera changa n'kusaina mafomu aja.

2007 mpaka 2012

Munafika mu Epulo. Mukukumbukira kuti ndinalira pabwalo la ndege ndipo Takondwa unabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ako, kukana bambo wotuluka m'foni. Tinapeza nyumba ku Dennistoun. Ndinagwirabe ntchito kwa a Dougie, ndipo za makhadi aja sitinakambiranenso. Anayamba kugula mapepala omwa madzi, bokosi lathunthu, ndipo sitinagwiritsepo ntchito ngakhale limodzi. Khadi la mzere pakati ndinaliika m'buku langa la nyimbo. Lamulungu lililonse ndinkapita nalo ku tchalitchi, n'kukhala nalo kutsogolo pa mpando wa akulu a mpingo.

Mu Disembala 2012 kwaya yathu ya Amalawi inapita kukaimba ku nyumba ina yosungirako okalamba. Munalipo nonse awiri, mutavala zipewa zofiira za Khirisimasi zija, mukuchita manyazi. Tili pa nyimbo yachiwiri ndinawaona Mayi Moira pakona, pa mpando wamatayala, atachepa ngati mwana. Mawu anandithera. Amayi anu anandigunda ndi chigongono, akuti besi yapita kuti.

Ndinabwererako ndekha Lachiwiri masana. Namwino anandiuza kuti akhala kumeneko kuyambira kumapeto kwa 2006, kuti poyamba ankadziwa zonse ndipo ankalira kufuna kwawo, koma tsopano anazolowera. Sindine dokotala, ana anga. Mwina matendawo anali atayamba kale, ketulo ija inalidi pamoto. Ndadziuza zimenezo kambirimbiri. Koma ndikudziwanso kuti tsiku lija mayiwo ankakumbukira bwino kuposa tonse amene tinali m'sitolo.

Ndinakhala pambali pawo, n'kutulutsa khadi, n'kuliika m'manja mwawo. Analisisita ndi chala mbali yofiira ija.

“Mwamuna wanga anali nalo longa ili,” anatero. “Ndinkaganiza kuti linali lofiira. Koma ndinkalakwitsa. Mutu wangawu. Anandiuza katswiri, bambo wina wabwino wa ku Malawi, wopemphera.”

“Katswiriyo ndine, mayi. Ndinanama. Linali lofiira, ndipo jasi lanu linali lofiira. Makhadi ananyowa, ine ndinawayanika padzuwa masabata awiri.”

Anakweza maso n'kundiyang'ana. Kenako nkhope yawo inamasuka, n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola.

“Dzuwa? Mu Glasgow muno? Masabata awiri?” Anakodola namwino. “Tabwera udzamve, mwana wanga. Bambo awa ndi oseketsa.”

Namwino nayenso anaseka, akuti ndizibwerabwera, okalamba amafuna anthu a nthabwala. Mayiwo anandibwezera khadi, akuti ndisataye, ndi la mwana wa winawake. Ndinalembera kalata Gordon kudzera ku nyumbayo, n'kufotokoza zonse, ndi dzina langa ndi adiresi. Sanayankhe. Mayi Moira anamwalira chisanu chotsatira, ndipo ndinamva patatha mwezi ataikidwa.

2021, Dennistoun

Sitolo inatsekedwa a Dougie atadwala, ndipo ine ndinapuma ntchito. Kagalasi ka a Chimwaza kali m'dirowa, maso anga sakuthanso kuona timadontho. Ndimakhala pawindo n'kumaona mapepala a m'nyumba muno akupsa pang'onopang'ono, satifiketi yaukwati wathu, zithunzi zanu za kusukulu, pulogalamu ya maliro a amayi anu yomwe yayamba kale m'mphepete.

Moyo wanga wonse ndakuuzani zoona, za nyumba yopendama, za kathumba ka tiyi, za m'busa wachimfine, ndipo simunakhulupirire ngakhale chimodzi. Bodza ndinanena limodzi, mawu osakwana makumi awiri, ndipo aliyense analikhulupirira, mpaka mwini wake wa jasi. Mphatso, digiri yako ili pakhoma apa. Takondwa, ana ako anabadwira mumzinda uno ndipo amanditcha agogo m'kalankhulidwe koti ndimachita kufunsa kawiri. Sindikunena kuti mubweze kanthu, inu simunasaine. Mukandifunsa ngati ndikanachita mosiyana nditabwerera pa Lachinayi lija, ndikuuzani zoona monga mwa nthawi zonse: sindikudziwa. Ndikayang'ana inu ndimaona kuti ndikanasainanso, ndipo chimenecho ndicho chimandilepheretsa kuimba.

Khadilo likadali m'buku la nyimbo, chapakati. Mukadzalipeza ine nditapita, musalitaye ndipo musapite nalo kwa ogula, ndi chinyalala. Muyang'ane mbali yakumanzere. Umenewo ndiye unali mtundu wa jasi la Mayi Moira. Mukatha kuona, mutseke bukulo, musalisiye pawindo.